Lamulo Limene Linabwerera Kukatenga Otsala

Ku Angola akaidi amakhoma okha mabokosi a maliro. Sindikunena dziko lija likulu lake lili ku Luanda ayi, ndikunena ndende yaikulu ya chigawo cha Louisiana ku America, yomwe inatengera dzina ku munda wa akapolo umene unali pamalopo kalelo. Kukula kwake ndi maekala 18,000, ndipo mtsinje wa Mississippi unaizinga mbali zitatu. Mkati mwake muli minda, matchalitchi, chipinda chosamaliramo akaidi odwala mwakayakaya, shopu ya akalipentala, ngolo ya maliro yokokedwa ndi akavalo, ndiponso manda otchedwa Point Lookout. Mabokosi a kumeneko ndi osalira ndalama zambiri koma okhomedwa mwaluso, moti mlaliki wotchuka uja, a Billy Graham, atamwalira mu 2018 anawaika m'bokosi lokhomedwa ndi manja a akaidi a ku Angola. Munthu amene khoti lamutumiza kumeneko kuti akakhale moyo wake wonse sachita kufunsa kuti adzatuluka bwanji. Ngati abale sadzabwera kudzatenga mtembo, ngolo ya akavalo ija ilipo.

A Henry Montgomery anaiona ngoloyo ikunyamula anzawo kwa zaka zambiri, akudziwa kuti tsiku lina idzanyamula iwo. Koma sanaikwere! Pa 17 Novembala 2021 anatuluka pachipata cha Angola ndi miyendo yawo iwiri, ali ndi zaka 75, patapita zaka 58 chiwamangireni. Nkhani ya mmene zinatembenukira imandipatsa chimwemwe chimene sindifuna kuchibisa, chifukwa si iwo okha amene anatuluka. Dzina lawo linatsegulira chitseko anthu mazanamazana.

Tiyambe ndi pamene panali misozi, pakuti chimwemwe chimene chimalumpha maliro a anthu ena n'chosayenera. Pa 13 Novembala 1963, kutatsala masiku 9 kuti Pulezidenti John Kennedy aphedwe, mnyamata wa zaka 17 dzina lake Henry anajomba kusukulu ku Scotlandville, kufupi ndi mzinda wa Baton Rouge. Wapolisi wina, a Charles Hurt, anakumana naye. Henry anali ndi kamfuti, ndipo anawombera. A Hurt anamwalira, kusiya mkazi ndi ana atatu. Ana amenewo anakula opanda bambo, ndipo palibe chigamulo cha khoti lililonse chimene chinawabwezera. Madzi akatayika saoleka.

Mlandu woyamba Henry anagamulidwa kuti aphedwe. Mu 1966 khoti lalikulu la Louisiana linafafaniza chigamulocho ponena kuti mkwiyo wa anthu m'deralo unali waukulu kwambiri moti mlanduwo sukanazengedwa mwachilungamo. Atauzenganso mu 1969, chigamulo chinali chakuti ndi wolakwa koma asaphedwe. Pa malamulo a nthawiyo mawu amenewa anali ndi tanthauzo limodzi lokha basi: kukhala m'ndende mpaka imfa, popanda mwayi wa parole, ndiye kuti mwayi uja woti mkaidi akaonekere pamaso pa komiti imene ingamulole kutuluka chilango chisanathe, n'kumakhala kunja akuyang'aniridwa. Woweruza analibe mphamvu yofunsa kuti kodi wopalamulayu ali ndi zaka zingati, anakula bwanji, nzeru zake zinali zitakhwima motani. Lamulo linali litamumanga manja. Mwana wa zaka 17 ndi bambo wa zaka 45 ankayezedwa ndi muyeso umodzi.

Tsono taonani zimene mnyamata ameneyu anachita ndi moyo umene boma linanena kuti watha. Anathandiza kuyambitsa timu ya nkhonya ya akaidi, pambuyo pake n'kukhala mphunzitsi wake. Anagwira ntchito zaka zambiri m'chipinda chodindira malemba ndi zithunzi. Anasanduka mlangizi wa achinyamata amene ankafika kumene, owawidwa mtima ndi amantha monga analili iye. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti panalibe mphotho imene ankaiyembekezera. Mkaidi wa zaka zisanu akhoza kudzigwira n'cholinga choti amuchotsereko miyezi. Henry analibe choti amuchotsere. Anangosintha, monga mmene mwana aliyense amasinthira akamakula, ngakhale palibe amene akumuwerengera.

Pamene iye ankakalamba mkatimo, kunja zinthu zinkaipiraipira. M'zaka za m'ma 1990 dziko la America linagwidwa ndi mantha ndi achinyamata ake omwe. Mu 1995 pulofesa wina wa ku Princeton, a John DiIulio, anafalitsa maganizo akuti kukubwera m'badwo wa ana olusa ngati zilombo, opanda chisoni, osatheka kuwaongola. Andale anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Zigawo zambiri zinasintha malamulo kuti ana azizengedwa milandu m'makhoti a akuluakulu, ndipo ana a zaka 14, 15, 16 anayamba kulandira chilango chofera m'ndende mochuluka. Koma m'badwo wa zilombo uja sunabwere. Milandu ya achinyamata inatsika m'malo mokwera. A DiIulio eni ake anavomera kuti analakwitsa, ndipo patapita zaka anasaina nawo chikalata chopempha khoti lalikulu la dzikolo kuti lichotse chilango chimene mawu awo anathandiza kufalitsa. Ndimawalemekeza pa chimenechi. Koma ana aja anali atalowa kale, ndipo chiwerengero cha anthu okhala m'ndende moyo wonse pa milandu imene anapalamula ali ana chinafika pa 2,500 ndi kupitirira.

Khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, la majaji 9 ku Washington, linayamba kumasula mfundoyi pang'onopang'ono, ngati munthu womasula chingwe chonyowa. Chida chake chinali ndime ya m'malamulo aakulu a dziko, ya mu 1791, imene imaletsa zilango zankhanza ndi zachilendo. Mu 2005, pa mlandu wa Roper ndi Simmons, linati munthu amene anapalamula asanakwane zaka 18 asaphedwe. Mu 2010, pa mlandu wa Graham ndi chigawo cha Florida, linati mwana amene sanaphe munthu asapatsidwe chilango chofera m'ndende. Kenaka pa 25 Juni 2012 panabwera chigamulo cha Miller ndi chigawo cha Alabama. Mlanduwu unali wa anyamata awiri, Evan Miller wa ku Alabama ndi Kuntrell Jackson wa ku Arkansas, onse opalamula ali ndi zaka 14, ndipo amene anawayankhulira anali loya Bryan Stevenson wa bungwe la Equal Justice Initiative. Majaji asanu mwa 9, cholembera chili m'manja mwa mayi Elena Kagan, anati lamulo lililonse lokakamiza woweruza kupereka chilango chofera m'ndende kwa mwana, osayang'ana kaye umwana wake, n'losemphana ndi malamulo aakulu a dziko.

Zifukwa zimene anapereka mayi aliyense amene analerapo mnyamata akhoza kuzinena ali pamtondo. Mwana amachita zinthu asanaganize za mawa. Mwana amatengeka ndi anzake, ndipo sangathe kusamuka pakhomo pamene pali nkhanza kapena uchidakwa, chifukwa alibe kolowera. Ndipo khalidwe la mwana silinaume, likadali dongo lonyowa. Akatswiri a ubongo anangoikira umboni zimene makolo ankadziwa kale: mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imagwira munthu dzanja kuti taima kaye, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atadutsa zaka 20.

Uthenga unafika m'ndende zonse, ndipo mitima inadumpha. Koma posakhalitsa panadzuka funso limene linaziziritsa anthu nkhongono: kodi chigamulochi n'cha ana amene adzazengedwe mawa okha, kapena chikukhudzanso amene milandu yawo inatha kalekale, apilo zonse zitatsekedwa?

Apa mpamene pagona nkhani yonse, ndiye ndiloleni ndifotokoze modekha. Makhoti a ku America ali ndi mfundo imene anaikhazikitsa mu 1989 pa mlandu wa Teague ndi Lane. Mfundoyo imati khoti lalikulu likatulutsa lamulo latsopano, nthawi zambiri lamulolo silibwerera m'mbuyo kukagwedeza milandu imene inatha, chifukwa milandu ikamangotsegulidwa chaka ndi chaka palibe chimene chingakhazikike. Koma pali kusiyana. Lamulo longosintha kazengedwe ka mlandu silibwerera. Lamulo lolanda boma mphamvu yopereka chilango chakutichakuti kwa anthu akutiakuti, limenelo limabwerera. Tiyerekeze ndi bwalo la kwa amfumu. Akuluakulu akagwirizana kuti kuyambira lero mboni iziyankhula odandaula asanayankhule, amene analipitsidwa mbuzi chaka chatha sangabwere kudzaiitanitsa. Koma akagwirizana kuti kulanda munda wa mwana wamasiye n'kosaloledwa ndipo sikunayenere kuloledwa n'kale lomwe, kodi mwana amene analandidwa munda dzana mungamuuze kuti pepa, unafulumira kulandidwa?

Zigawo zinagawanika pa funsoli. Makhoti a ku Iowa, Mississippi, Massachusetts, Illinois, Nebraska ndi Texas anati chigamulo cha Miller chibwerere m'mbuyo. Makhoti a ku Louisiana, Pennsylvania, Michigan ndi Minnesota anakana. Ndipo zinangochitika kuti zigawo zitatu mwa zokanazo, Pennsylvania, Michigan ndi Louisiana, ndi zimene zinali ndi akaidi otere ochuluka kuposa zina zonse. Pennsylvania yokha inali ndi oposa 500, ndipo pafupifupi 300 mwa iwo anali ochokera mumzinda umodzi wa Philadelphia. Kwa zaka zitatu ndi theka, tsogolo la munthu linkadalira mbali ya malire imene anapalamulira. Mkaidi wa ku Mississippi ankakonzekera kukaonekeranso kukhoti, mnzake wa ku Louisiana, kungowoloka malire, akuuzidwa kuti chilungamo chafika koma chakupeza utachedwa. Zaka zimenezo zinali zowawa kuposa zam'mbuyo, chifukwa njala imapweteka kwambiri fungo la ndiwo likamachokera kwa aneba.

Henry, amene tsopano tiyenera kumawatchula kuti a Montgomery pakuti imvi zinali zitamera, anapempha makhoti a ku Louisiana kuti aonenso chilango chawo. Anakanidwa. Nkhani inakwera mpaka ku Washington, kumene inamvedwa mu Okutobala 2015.

Pa 25 Januwale 2016 yankho linatuluka, ndipo linali lokoma ngati mvula yoyamba. Majaji 6 mwa 9 anati chigamulo cha Miller chibwerere m'mbuyo, m'zigawo zonse, kwa aliyense, ngakhale mlandu wake unatha zaka 50 zapitazo. Amene analemba anali jaji Anthony Kennedy. Anafotokoza kuti Miller sanangosintha kazengedwe ka milandu, koma analanda boma mphamvu yotsekera mpaka imfa ana onse amene mlandu wawo unachokera ku chibwana chimene chimatha, kupatulapo ochepa kwambiri amene aonetsa kuti ndi osakonzeka. Ananenanso kuti zigawo sizikukakamizidwa kuzenganso mlandu uliwonse, zikhoza kungowapatsa anthuwa mwayi wa parole. Ndipo anatchula za a Montgomery eni ake, kuti akhala zaka 46 akudzuka m'mawa uliwonse akudziwa kuti adzafera m'ndende, n'kunena kuti anthu ngati iwowa apatsidwe mpata woonetsa kuti anasintha, ndipo ngati anasinthadi, chiyembekezo chokhalako zaka zingapo kunja kwa mpanda chibwezeretsedwe kwa iwo. Majaji Antonin Scalia, Clarence Thomas ndi Samuel Alito anatsutsa. Koma chondisangalatsa china nachi: mkulu wa majaji onse, a John Roberts, amene mu 2012 anatsutsa chigamulo cha Miller, ulendo uno anaima ndi ovomereza. Lamulo likakhala lamulo, likhale la onse.

Timati mlandu suola, ndipo nthawi zambiri timanena mawuwa poopseza wolakwa. Tsiku limenelo mawuwa anatembenuka n'kuyang'ana boma. Chilango cholakwika nachonso sichiola. Chikhalebe cholakwika ngakhale mapepala ake achite chikasu m'kabati.

Ndiye zitseko zinayamba kutseguka. Ku Louisiana woyamba kutuluka anali Andrew Hundley, mu Juni 2016. Analowa ali ndi zaka 15 pa mlandu wopha mtsikana wa zaka 14 mu 1997, ndipo anatuluka patapita zaka 19. Munthu wina akanathawira kutali, osafunanso kumva fungo la ndende. Iye chaka chomwecho anathandiza kukhazikitsa bungwe la Louisiana Parole Project, ntchito yake kukonzekeretsa akaidi okhalitsa kukaonekera pamaso pa komiti ya parole, kuwapezera pogona akatuluka, ndi kuwaphunzitsa zinthu zimene ife timaziona ngati zachibadwa: kugwiritsa ntchito foni ya m'manja, kulipira ndi khadi ya kubanki, kufunsira ntchito pa intaneti, kusankha sopo m'sitolo imene muli mitundu makumi awiri. Iye mwini anapita ku yunivesite n'kutenga madigiri. Ku Arkansas, Kuntrell Jackson uja anatuluka mu 2017. Chaka chomwecho aphungu a ku Louisiana anakhazikitsa lamulo lakuti ambiri mwa akaidi otere akhoza kupempha parole akakhala m'ndende zaka 25.

Koma nkhani imene imandisiya kukamwa kuli yasa ndi ya a Joe Ligon a ku Philadelphia. Iwowa anabadwira ku Alabama m'banja la alimi olima minda ya eni, ndipo anasamukira ku Philadelphia ali mnyamata wosadziwa kuwerenga ndi kulemba. Usiku wina mu Febuluwale 1953, ali ndi zaka 15, anali m'gulu la anyamata amene anamwa mowa n'kuyamba kubaya ndi kulanda anthu m'misewu. Anthu awiri anamwalira. A Ligon akhala akuvomera kuti anabaya munthu amene anapulumuka, koma amakana kuti anapha. Anawapatsa chilango chofera m'ndende. Pamene ankamangidwa, Dwight Eisenhower anali atangolowa kumene pa upulezidenti. Kwathu kuno chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali chisanayambe n'komwe. Mnyamatayo anakulira m'ndende, anaphunzira kuwerenga momwemo, anagwira ntchito yosesa ndi kukolopa zaka zosawerengeka, mpaka anakhala mkaidi wokhalitsa kuposa onse a m'gulu limeneli m'dziko lonse la America.

Chigamulo cha Montgomery chitatuluka, mu 2017 anawasinthira chilango kukhala cha zaka 35 mpaka moyo wonse. Poti anali atadutsa kale zaka 60 ali mkati, akanatha kupempha parole nthawi yomweyo. Anakana! Anati parole ya moyo wonse si ufulu: kupempha chilolezo pofuna kuyenda ulendo, kukaonekera kwa woyang'anira, kukhala ndi mantha kuti kalakwidwe kakang'ono kakubwezera mkati. Anati akatuluka atuluke opanda chingwe m'khosi. Anzawo ankatuluka mmodzimmodzi, iwo ali phee. Loya wawo, a Bradley Bridge a ku ofesi yoimira anthu osauka pa milandu ku Philadelphia, anapitiriza kumenya nkhondo, mpaka mu Novembala 2020 jaji Anita Brody anagamula mowakomera. Pa 11 Febuluwale 2021 a Ligon anatuluka m'ndende ya Phoenix ali ndi zaka 83, atakhalamo zaka 68, opanda parole, opanda wowalondalonda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo agogo amenewa anawaonadi.

Loya wawo anawatenga pa galimoto, makatoni a mapepala awo ali kumbuyo, n'kupita nawo ku ofesi yake pakati pa mzinda. Kumeneko anaima pawindo la m'mwamba n'kumayang'ana nyumba zosanja zazitali zimene kunalibe pamene ankamangidwa. Mzinda wawo womwe unali utasanduka dziko lachilendo. Ndende ya Eastern State, imene anakhalamo ali wachinyamata, inali itatsekedwa kalekale n'kusanduka malo okaona alendo olipira pakhomo. Taganizani, abale, munthu kupeza kuti chipinda chimene anagonamo ngati mkaidi tsopano anthu amachijambula zithunzi! Ndipo mmodzi mwa amene anawagwira dzanja masiku oyambawo anali John Pace, amene nayenso analowa m'ndende ali ndi zaka 17, n'kutuluka mu 2017 patapita zaka 31 chifukwa cha chigamulo chomwechi, ndipo tsopano ankagwira ntchito m'bungwe lolandira anzake otuluka.

Mwaona kachitidwe kake? Lamulo linabwerera kukatenga otsala, ndipo amene linawatenga nawonso anabwerera kukatenga anzawo. Sindikudziwa umboni wina woposa umenewu wakuti majaji aja sanalakwitse.

Amantha analipo, ndipo mantha awo sanali opusa. Anthu ankafunsa kuti kodi tikatulutsa anthu amene anaphapo, sadzaphanso? Yankho linabwera ndi manambala. Mu 2020 akatswiri a ku yunivesite ya Montclair State anafufuza anthu 174 a ku Philadelphia amene anatuluka motere. Amene anapezekanso olakwa pa mlandu wina uliwonse anali awiri okha. Awiri mwa 174! Ambiri mwa enawo anali kuntchito, kutchalitchi, kumzikiti, kunyumba akulera adzukulu a abale awo, ena akuyenda m'masukulu kuchenjeza ana kuti asaponde pamene anaponda iwo. Lero anthu oposa 1,000 amene anauzidwa ali ana kuti adzafera m'ndende ali kunja, ndipo zigawo zoposa theka la zigawo 50 za dzikolo zinathetseratu chilango chimenechi kwa ana.

Ife a ku Malawi nkhani yotere si yachilendo kwenikweni. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti lathu lalikulu linagamula kuti lamulo lokakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha n'losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Funso lomwe lija linadzuka: nanga amene anagamulidwa kale? Khoti la apilo linati nawonso amvedwenso, ndipo kuyambira mu 2015 akaidi oposa 150 anaonekeranso pamaso pa majaji, ambiri mwa iwo n'kubwerera kumidzi kwawo. Amene anaonapo munthu akutsika minibasi ndi kajumbo m'manja, mudzi utamulira kale ngati wakufa, akudziwa mtundu wa nthungululu zimene ndikunena.

Sindikunena kuti ku America zonse zinatha bwino. Mu Epulo 2021, pa mlandu wa Jones ndi chigawo cha Mississippi, khoti lomwe lija, majaji ena atasintha, linati woweruza sakukakamizidwa kunena poyera kuti mwanayu ndi wosakonzeka asanamupatse chilango chofera m'ndende, bola akhale ndi ufulu wosankha. Mwezi womwewo Evan Miller, mwini dzina la chigamulo cha 2012, anapatsidwanso chilango chomwe chija. Alipo mazana amene akudikirabe. Koma chigamulo cha Jones sichinafafanize cha Montgomery, ndipo amene anatuluka sanabwezedwe.

Nanga mwini dzina? Apa mpamene mtima unkandiwawa zaka zonsezo. Anthu ankatuluka ku Pennsylvania, ku Michigan, ku Louisiana komweko, aliyense atanyamula pepala lolembedwa dzina la Montgomery, koma a Montgomery ali ku Angola, akudzuka ndi belu la ndende. Anali ngati munthu amene wakumba chitsime mudzi wonse n'kumamwa, iye ali ndi ludzu. Mu 2017 khoti linawasinthira chilango kuti akhoze kupempha parole. Mu Febuluwale 2018 anakaonekera pamaso pa komiti ya anthu atatu, ndipo anakanidwa. Mu Epulo 2019 anapitanso. Awiri anavomera, mmodzi anakana, ndipo poti pankafunika kuti onse atatu agwirizane, anabwerera kuchipinda chawo. Chimodzi mwa zifukwa zimene zinkanenedwa chinali chakuti sanachite maphunziro okwanira a m'ndende. Achibale a malemu a Hurt ndi akuluakulu a polisi ankatsutsanso zoti atuluke, ndipo ululu wa banjalo palibe amene angaupeputse. A Montgomery sanaleke. Anapepesa, anadikira, anapemphanso.

Ulendo wachitatu, m'mawa wa pa 17 Novembala 2021, onse atatu anavomera. Tsiku lomwelo chipata chinatseguka. Mnyamata amene analowa m'manja mwa boma Martin Luther King atangoyankhula kumene ku Washington, munthu asanapondepo pamwezi, anatuluka ali nkhalamba yoyenda pang'onopang'ono, koma akuyenda yekha, maso ali kumsewu osati ku Point Lookout.

Ndipo mukudziwa amene anawalandira? Andrew Hundley, mwana uja wa zaka 15, woyamba kutuluka ku Louisiana chifukwa cha dzina lawo, tsopano mkulu wa bungwe limene linawakonzera pokhala. Zaka zisanu m'mbuyomo a Montgomery anamutsegulira chitseko iwo n'kutsala mkati. Tsiku limeneli iye anabwerera ku Angola kudzawatenga, n'kupita nawo ku Baton Rouge, kufupi ndi kumene a Montgomery anakulira. Usiku umenewo a Henry Montgomery anagona kunja kwa mpanda wa ndende koyamba chichokere mu 1963.